Dzanja la Atate

Lolemba, 1 Juni 1970

Pepala lovotera lafika kwa atate. Kanthu kakang'ono, kosakwana ndi kukulungira tchizi komwe. Funso limodzi, kampata kamodzi kolembapo Inde kapena Ayi.

Lamlungu likubwerali amuna a dziko la Switzerland akagamula ngati alendo achuluka. Akati Inde, pa anthu zana alionse alendo atsale khumi, enawo, akuti zikwi mazana atatu, anyamule masutikesi. Apite ndani, atsale ndani, palibe akudziwa. Akuti aziona pambuyo pake. Dziko loti sitima ikachedwa pang'ono anthu amalembera boma kalata, koma izi aziona pambuyo pake.

Ndawerengetsera mavoti a m'nyumba muno. Ettore, mwamuna wanga: Mtaliyana, wakhala akumangira anthu makoma kuno zaka khumi ndi ziwiri, voti alibe. Silvana, mwana wathu: anabadwira pabedi lomwe ndinabadwira ine, koma lamulo limati mwana amatsata bambo, ndiye kuboma ndi mlendo wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ine Hedi: Mswisi wa magazi, digiri ya malamulo ili m'galasi pakhoma, voti ndilibe poti ndimavala siketi. Tikaphatikiza: ziro.

Voti yathu yapafupi ndi ya atate, ndipo imadutsa m'dzanja langa. Chiphwanyikire dzanja lawo lamanja kokumba miyala, ankawalembera ndi amayi. Amayi atamwalira ndinatenga ndine. Pano kwawonjezekera ng'ala, zilembo saziona n'komwe. Loweruka lililonse loti mawa lake ndi voti, pathebulo la kukhitchini kwawo, ndimawerenga funso, amayankha, ndimalemba, kenako ndimawawerengera zomwe ndalembazo. Za misewu, za mafuta, za shuga mu Febuluwale muja. Mu 1959 funso linali loti kodi akazi azivota. Atate anati Ayi. Ndinalemba Ayi, mwaukhondo, n'kuumitsa inki bwinobwino.

A Bucheli, mkonzi wanga, aimba foni. Akuti nkhani ya Amalume Fridolin sabata ino ikhale yoseketsa kwambiri, anthu akufuna kupuma. Amalume Fridolinwo ndi ine: mlungu uliwonse ndimavala ndevu za m'nyuzipepala n'kumalangiza amuna za ndale, iwo n'kumayamikira nzeru zachimuna. Lero ndakhala pataipilaita mpaka khofi kuzizira. Ndatayipa deti yokha.

Lachiwiri, 2 Juni

Silvana pobwera kusukulu: "Amayi, Lamlungu tikwera sitima?"

Ruedi, mwana wa a Gisler oyandikana nafewa, wamuuza kuti Silvana akachoka, iye atenga desiki yake ya pawindo. Ndamufunsa kuti ndiye wamuyankha chiyani. "Ndati atenge, koma botolo la inki ndi langa." Wapita kukasewera. Ine ndakhala pansi ndi mpeni wosendera mbatata m'manja.

Madzulo ndapeza Ettore atatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu. Ya katoni ija anabwera nayo kuchokera kwawo ku Belluno.

"Ukutani nayo?"

"Ndikungoona loko."

"Loko yadwala chiyani?"

"Dzimbiri silinena kuti ndikubwera."

Waithira mafuta, kutseka, kutsegula, kutseka. Kaphokoso kake ka tchwa kaja kakundilirabe m'mutu. Munthu woimba nyimbo ngakhale pometa ndevu, chiyambire sabata ino sindinamumve.

Lachitatu, 3 Juni

Kogula buledi, Mayi Gisler andigwira mkono: "Musadandaule, Mayi Bressan, anu aja ndi aukhondo, sangawachotse." Ndathokoza. Ndathokoza ndithu! Ndikamuuze Ettore asaleke kusamba.



Lachinayi, 4 Juni

Kwa atate ndi supu ya balere. Ndapeza Wendel, mlongo wanga, atakhala pampando wa amayi ngati anachita kugula.

Ndinalumbira m'njira kuti sindifunsa. Ndafunsa supu isanathe.

"Atate, Loweruka ndidzalemba chiyani?"

"Funso usanandiwerengere?"

"Mukulidziwa. Ndi ng'ombe zomwe zikulidziwa."

Apukuta pakamwa nthawi yaitali, kenako: "Inde."

Ndati mwina sindinamve.

"Si za Ettore izi, mwanawe. Ettore ndi wathu. Ndi za enawa, odzaza pasiteshoni Loweruka, ophokosera ngati kwagwa maliro."

"Papepalapo pali malo olembapo kuti kupatula Ettore?"

"Boma lili ndi nzeru."

"Silvana ali m'chiwerengeromo, atate."

"Usandiopseze ndi mwana."

Wendel waseka. "Amalume Fridolin ayamba ulaliki. Atate analonjeza kale ku bala, pamaso pa madoda onse. Anakweza ndi dzanja lomwe."

"Dzanja liti? Lomwe silitha kulembalo?"

Mawu oipa, ndikudziwa. Koma ndinali nditayamba kale. Ndawakumbutsa kuti denga lawo anakonza ndi Ettore, masitepe ndi Ettore, ndipo tsiku lililonse la voti wowagwira mkono kuchokera kutchalitchi mpaka pakhomo la sukulu ndi Ettore yemweyo, poti mwana wawo wobereka amayenda ngati wapsa kumapazi. Atate akungopalasa mbale yopanda kanthu.

Wendel wati ngati zikundivuta alemba ndi iye. Apo ndiye atate amenya thebulo. "Alemba ndi Hedi. Ndati Hedi!" Mpaka supuni kugwa. Sindinamvetse chowakwiyitsa chotere.

Potuluka Wendel wanditsatira pakhonde. Mawu otsika, aulemu ngati a kalaliki wa kubanki.

"Mlongo, andisankha kuwerenga nawo mavoti Lamlungu. Kalembedwe kako ndimakadziwa, timichira ta zilembo zako tija. Ndikakaona Ayi wa dzanja lako, ndipita kupolisi. Ndipo ukudziwa yemwe apolisi adzayambe naye."

Mwana woti ndinkamusambitsa ndine. Ndayenda mpaka kunyumba ndi poto pachifuwa ngati chishango.

Lachisanu, 5 Juni

Atate saona.

Mawu awiriwa ndadzuka nawo, ndachapa nawo, ndasita nawo. Saona. Ndikhoza kulemba chilichonse. Kenako nkhope ya Wendel, kenako wapolisi pakhomo akufunsa chiphaso cha Ettore mwaulemu, atavula ndi chipewa chomwe. Kuno ngakhale pokuthamangitsa amayamba apukuta nsapato pakhomo.

Ndamuuza Ettore zonse pamene amasamba m'manja. Wamvetsera osatembenuka.

"Voti imodzi, Hedi. Mwa amuna miliyoni ndi kuposa."

"Si nambala ikundivuta. Ndi dzanjali. Ndizimupesa nalo Silvana pambuyo pake?"

"Ukabera, Wendel atichotsa Lolemba, ngakhale dziko lonse litati Ayi." Wapukuta zala chimodzichimodzi. "Lemba zomwe anena apongozi. Ndikufuna ndizidziwa yemwe ndikumuphikira sipageti."

"Ndiye Lamlungu uwaperekezabe?"

"Nanga agwere m'ngalande? Adzati ngalandeyo anakumba ndi Mtaliyana."

Ndaseka, kusekako n'kusanduka china. Wandigwira mutu ndi manja onunkha sopo ndi simenti.

Nkhani ya Fridolin ndatumiza. Amalume akupempha kuti tisanathamangitse alendo tiyambe tavota za yemwe azikhuthula zitini za mikodzo m'zipatala, ndipo akuganiza kuti akhale amene avotere Inde, motsata alifabeti. A Bucheli aseka pafoni, kenako ati adulapo theka. Otsatsa malonda nawonso amawerenga.

Loweruka, 6 Juni

Ndalemba.

Zinayenda chonchi. Thebulo lomwelija, nsalu ya mabokosi ofiira, cholembera cha amayi. Ndawerenga funso lonse, mawu aboma aja osalala ngati akukamba za kudula mitengo.

"Inde," atero atate, chapansipansi.

Kenako azunguza mpando n'kuyang'ana kuwindo. "Lemba. Ine ndikuyang'ana kunja. Ndipo lero usavutike n'kundiwerengera, ndatopa."

Chiyambire ntchitoyi sanalolepo kuti ndipinde pepala ndisanawawerengere. Ngakhale za shuga zija anati bwereza.

"Maso angawa ukuwadziwa," apitiriza, nkhope ili kuwindo. "Ngakhale utajambulapo mbuzi sindingadziwe."

Ndinapsa mtima. Ndinati m'mtima, akunditonza, akundikumbutsa kuti amandikhulupirira kuti ndisayerekeze. Ndipo alibe ndi mtima womwe womvera mawu awo omwe akuwabwerera. Cholembera chinali m'mwamba. Kumpanda kunja kunkalira belu la ng'ombe. Ndinaganiza za Wendel akufunyulula mapepala ndi zala zake zoyera. Ndinalemba Inde, ndi timichira tonse, kuti asavutike kundizindikira.

Ndapinda, ndaika m'thumba la suti yawo yakuda.

"Walemba?"

"Ndalemba."

Afufuza dzanja langa pathebulo n'kulisisita. "Mwana wabwino." Akumwetulira!

Ndasanza kuseri kwa mpanda wa a Gisler. Galu wawo wandiyang'ana ngati nayenso ali ndi voti.

Silvana wagona ndi botolo lake la inki kunsi kwa pilo. Ndalichotsa, lingatayike. Ndalibwezeranso.

Lamlungu, 7 Juni

Ndilembe mwandondomeko.

Misa. Bambo mfumu alalikira za kukonda mnansi mosamala kwambiri, osatchula kuti mnansiyo ndi wa kuti. Potuluka, monga nthawi zonse, amuna ayamba kukwera kamtunda kopita kusukulu, masuti akuda okhaokha ngati nyerere, akazi n'kuima pampopi wa pabwalo kudikira kuti dziko ligamulidwe nyama isanapserere. Ettore wapereka mkono. Atate aulandira. Ine sindinaime ndi akazi. Ndawatsatira pambuyo, Silvana ali kudzanja.

Pakhomo la sukulu panali mzere sindinauonepo. Ndi odwala omwe anadzuka. Ettore amalekezera pamenepo, mlendo salowa. Koma atate sanamusiye mkono. Amukokera pambali, pakhoma, atulutsa pepala.

"Mkamwini, tandiwerengera apa. Motsitsa, asamve anthu."

Kankhope kakumwetulira, ngati mwana wobisa switi m'tsaya.

Ettore wayang'ana. "Palembedwa Inde, apongozi."

"Werenga bwino. Chijeremani chako n'chopunduka."

"Mawu amenewa ndi omwe ndinayamba kuphunzira kuno, apongozi. Inde bwana, inde bwana. Sindingawaphonye."

Kumwetulira kuja kunazima. Atembenuka uku ndi uku kundifunafuna. "Hedi! Hedi uli pati? Walembadi zimenezi?"

"Munanena ndinu, atate."

"Ndinayang'ana kuwindo, mwana iwe! Nthawi yonse ija ndinayang'ana kuwindo! Ndinakuuza ndi za mbuzi zomwe!"

Ndiye kumenya thebulo kuja n'kumeneku. Ankafuna Inde wa ku bala ndi Ayi wa kwa Mulungu, onse awiri, wakuba ndikhale ine.

"Sukulu yonse ija ndinakutumiza," akunong'ona mwaukali, "kanthu kakang'ono chonchi osakamva?"

"Anandiphunzitsa malamulo, atate. Za mawindo sitinafike."

"Konza. Konza msanga."

Ndinayang'ana mzere uja. A Gisler aakulu, a Zurfluh opala matabwa, onse a pathebulo la ku bala, makutu ali tcheru ngati akalulu. Mkatimo Wendel.

"Nenani mokweza chomwe mukufuna, amve onsewa kuti mwanena ndinu, ndilemba."

Pakamwa patseguka. Patsekeka. Munthu woti anatuluka pansi pa mwala osalira, mawu amodzi amukanika pamaso pa anzake omwa nawo mowa. Ndinachita mantha kuti agwa. Ndinachitanso mantha, kuposa pamenepo, kuti angopinda pepalalo n'kulowa.

Atembenukira kwa Ettore. "Pensulo yako ija uli nayo?" Ali nayo, yofiira yaphanthiphanthi ya amisiri, sasiyana nayo ngakhale m'suti ya ku Misa. "Ndilembere iwe."

"Ine ndilibe voti, apongozi."

Kenako atambasula dzanja lamanzere. "Bweretsa. Gwira pepalali pakhoma. Ndiike chala pamene pali mawuwo."

Ettore wagwira pepala ndi manja onse awiri, mmene amagwirira thabwa. Atate afufuta, afufutanso, mpaka pepala kubooka. Ndiye ayamba kulemba. Chilembo choyamba chatuluka papepala n'kukathera pakhoma la sukulu. Thukuta kuti chuchuchu m'khosi la shati.

A Gisler pamzere, akukuwira atate: "Alois, ukulemba wilo yogawira chuma?"

"Ndikujambula mphuno yako, pepala landichepera!"

Amuna aseka. Ena sanaseke. Atate apinda pepala mokhotakhota, atenga ndodo, alowa okha akupapasa chitseko. Atuluka nkhope ili mbuu, agwira mkono wa Ettore. Pensulo sanabweze.

Masana. Sipageti yomwe atate amati saikonda n'kumadya mbale ziwiri, lero palibe waikhudza. Wailesi pakati pa thebulo ngati mlendo wolemekezeka. Wowerenga nkhani akutchula zigawo chimodzichimodzi, mawu ake omwe aja olengezera nyengo. Chathu: Inde. Zoyandikana nacho: Inde. Bern: Inde. Ettore akupinda ndi kufunyulula kansalu kopukutira pakamwa. Ine ndikuganiza zopusa: kodi makatani a pabalaza angakwane m'mawindo a amayi ake ku Belluno, kodi digiri ija ilowa m'sutikesi. Atate akufunsa mobwerezabwereza, "Wati chiyani? Wati chiyani?" ngati makutu nawonso achita ng'ala.

Kenako Zürich: Ayi. Basel: Ayi. Geneva, Ticino: Ayi. Dzuwa likupendeka anena zonse pamodzi. Pa zana lililonse, Ayi 54, Inde 46.

Palibe anakuwa. Ettore wadzuka, walowa kubafa, watsegula madzi. Madziwo atuluka nthawi yaitali.

Silvana: "Ndiye desiki ndi yangabe?"

"Ndi yako."

"Ruedi alira."

Lolemba, 8 Juni

Kogula buledi aliyense wandipatsa moni wokoma. Ndimayang'ana nkhope n'kumati uyu, uyu ayi, uyu. Pafupifupi mmodzi mwa awiri alionse. Mayi Gisler: "Mwaona? Ndinanena ine." Andipatsa ndi kabanzi kaulere ka Silvana.

Zotsatira za m'mudzi muno azikhoma pachitseko cha ofesi. Inde 231. Ayi 204. Yowonongeka 1. Ndaiyang'ana nthawi yaitali 1 ameneyo. Chiyambire, ndi voti yoyamba ya banja lathu.

Masana kwa atate. Wendel wabwera, chipewa osavula.

"Pepala lobooka, la pensulo, linatizunguza mitu anthu anayi. Wina amati ndi Ayi, wina amati ndi mpanda wa minga. Pansi pake Inde wa dzanja lako, mlongo, wofufutidwa." Osandiyang'ana. Akuyang'ana wotchi ya pakhoma.

"Ndiye upita kupolisi?"

"Ndikanene ndani? Mudzi wonse unaona."

Atate: "Sanaiwerenge?"

"Sikanatheka, atate. Lamulo."

"Ku bala akuti chiyani?"

"Akuti mwakalamba."

Angogwedeza mutu. Wendel atachoka, ati ndiwapatse nyuzipepala yakale. Ndawapatsa ya Loweruka, tsamba la Fridolin. Atulutsa pensulo yofiira m'thumba la chifuwa, ayandikitsa nkhope mpaka mphuno kugunda pepala, ayamba kulemba m'mphepete, pamwamba pa ndevu za Amalume. Silvana wakwera pampando, wawagwira chala.

"Osati choncho, agogo. Mwatulukanso mumzere. Aphunzitsi akanakupatsani ziro."

"Aphunzitsi akowo ndi amwano."

"Yambaninso."

Ayambanso.

Ndawafunsa ngati Loweruka la voti ya mu Seputembala ndidzabwere ndi cholembera. Sanadzutse mutu. "Udzabwere ndi supu."

Kunyumba ndapeza Ettore akumeta, akung'ung'udza kanyimbo chapansipansi, theka lokha. Pamwamba pa wadiropu palibe kanthu, pangotsala chizindikiro cha fumbi. Sutikesi waikankhira kunsi kwa bedi, mbali yake, chogwirira chili kunja.